Chitsime cha 1993

Maliro oyamba m'mudzi mwathu titabwerako ku Malawi sanali a nkhalamba ayi, anali a mnyamata woti ndevu zinali zitangoyamba kumera. Achimwene anga, obadwa kwa amayi aakulu. Dzina sindilemba pano, abale alipo ndipo ena amawerenga zomwe ndimalemba. Nkhondo yonse ija ya kwathu ku Mozambique anapulumuka, kuthawa usiku kulambalala phiri la Domwe mpaka kukatulukira ku Dedza anapulumuka, matenda otsekula m'mimba omwe ankatha ana kumeneko sanawakhudze, njala ya 1992 ya ufa wachikasu ija anaidutsa, nde kudzafera m'chitsime chokumba okha, pamtunda woti mayi awo akaitana ali pakhomo munthu umamva.

Achinyamata a masiku ano mwina simungamvetse mmene kunalili nthawi imeneyo. Pulezidenti Chissano wa chipani cha Frelimo ndi Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo lomwe linkamenyana ndi boma, anasaina mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma ife a ku Angónia ambiri sitinadikire magalimoto a UNHCR, bungwe loona za othawa kwawo lija, kuti atibweze kwathu, kwathu nkufupi, amene munafikako ku Lizulu mukudziwa kuti msewu wa Dedza ndi Ntcheu uja ndiwo malire, mbali ino Malawi kuwoloka tala uli ku Mozambique. Ndiponso sitinkakhala m'misasa ya mpanda ngati anzathu a ku Nsanje, ife tinkakhala m'midzi momwemo pakati pa abale, chilankhulo chimodzi, mafuko omwewo. Ndiye amuna ndi amene ankayamba kuwoloka kukaona, kulima pang'ono, kubwerera kukalandira lesheni, mpaka mu 1993 titakolola mbumba yonse inasenza katundu.

Tinakapeza tchire. Nyumba zitagwa, malata atasasulidwa kalekale, makola opanda ng'ombe ngakhale imodzi, Angónia yemwe ankatchuka ndi ng'ombe uja. Chomwe chinkatiuza kuti pano panali pakhomo pa uje ndi mitengo ya mango ndi mapichesi basi. Tinamanga zisakasa nkufolera ndi mapulasitiki omwe tinachoka nawo ku Dedza. Koma vuto lenileni linali madzi. Chitsime chakale cha m'mudzi panalibe amene ankafuna kumwa madzi ake, ankati nthawi ya nkhondo munaponyedwa zinthu, zinthu zanji akuluakulu sankanena ife ana tili pompo. Amayi ankatunga kudambo, koma pofika Seputembala kudamboko kunangotsala matope.

Panalinso nkhani ina yomwe anthu sakonda kuikamba mpaka lero. Si onse anathawa. Ena anatsala, nkumakhala pansi pa a Matsanga, asilikali a Renamo aja, kuwalimira, kuwasenzera katundu, ndipo obwerera ife tinkawayang'ana ndi diso lina. Malata athu anapita kuti? Minda yathu ankalima ndani? Otsalawo nawonso ankati inu munkadya nyemba ndi mafuta aulere ife tikugona m'mapanga. Moni tinkapatsana bwinobwino koma mumtima munali zina.

Mmodzi mwa otsalawo anali madala ena ake okhala kumunsi kwa mudzi. Anatsala chifukwa akazi awo miyendo sinkayenda. Paunyamata wawo anagwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize kuyambira nthawi ya Apwitikizi, ndipo mu 1977 mgodi wa Chipanga utaphulika nkupha anthu ambirimbiri iwo anali komweko, pambuyo pake anangolongedza nkubwera kumudzi. Chifuwa chawo chinkamveka munthuyo asanaoneke. Sankayankhula zambiri, ndipo dimba lomwe ankalima zaka zonse za nkhondo, kale nkhondo isanafike linali la agogo athu aakazi. Musaiwale pamenepa.

Atsibweni, amene anali mwini mbumba, atati tikumbe chitsime chatsopano m'malire mwa dimba lomwelo, panalibe zokambirana kuti alowe ndani. Achimwene ku Dedza ankagwira maganyu oumba njerwa ndi kukumba zimbudzi, mphamvu anali nazo zogulitsa. Kakumbidwe kake ndi komwe mukukadziwa kaja, khasu la mpini waufupi, chitsulo chosongoka chogumulira pouma, ndowa yomangirira chingwe, mitengo iwiri yopingasa pakamwa pa dzenje, m'khoma nkumasema timapondero mbali ziwiri kuti munthu azitsika atatangadza miyendo. Ife ana yathu inali yokataya dothi. Lofiira linatha, linabwera lachikasu lonyowa bwino aliyense nkumati madzi ayandikira, atafika mamita 7 kapena 8 chitsulo chinangolira kuti ngwee. Thanthwe.

Njira yoswera thanthwe popanda makina ilipo ndipo imagwiradi ntchito, umasonkha moto pamwamba pake usiku wonse, mwala ukatentha nkuuthira madzi ozizira, umang'ambika wokha. Anaponyamo nkhuni, zitsononkho, ndi chitayala chakutha chomwe wina anatola kumsewu, kenako pakamwa paja anavindikirapo ndi nthambi ndi chilata chadzimbiri nkungosiya kampata, ati kutentha kusathawe.

Madzulo amenewo madala aja anabwera ndi kandodo kawo, anaima nkuyang'ana utsi uja kanthawi ndithu. Ine ndinali pompo, ndikukumbukira mawu ake.

“Iwe mdzukulu wanga, mawa usatsikemo muno. Uchotse chilatachi, dzenje lipume masiku awiri, ndipo usanatsike uyambe watsitsa koloboyi woyaka pachingwe. Akazima, mmenemo simolowa munthu.”

Achimwene anaseka, mwaulemu ndithu, sanali achipongwe. “Agogo musadandaule, pofika mawa moto ukhala utazima.”

“Sindikunena moto ine.”

Atsibweni anangoti zikomo madala tamva, zikomo wa pakamwa uja woti munthu azipita. Atachoka anati palafini wake uti woseweretsa, komanso mvula ili pafupi tikufuna madzi ife, nanga munthu amene anatilimira dimba lathu zaka zonsezi angakondwe kuti tikumbe chitsime pamenepa?

M'mawa mwake dzuwa lisanakwere anachotsa chilata, anathira madzi, nthunzi inatuluka yambiri nkutha, pansi panamveka kuthetheka kwa mwala ndipo anthu anakondwa. Anadikira pang'ono chabe. Achimwene anavula malaya nkundipatsa kuti ndigwire, anatsika akuimba mluzu, tinamva afika pansi, anakuwa kuti tsitsani ndowa. Ndowa inatsika. Chingwe sichinagwedezeke. Atsibweni anaitana kamodzi, kawiri, kenako anagona chamimba nkusuzumira, ati akuoneka angokhala pansi atatsamira khoma ngati munthu amene akupuma pa ntchito. Kukuwa ayi, kuphupha ayi.

Bambo wina woyandikana nafe nyumba anali atayamba kale kutsika pomwe madala aja anatulukira akuthamanga, mmene angathamangire munthu wa chifuwa chotero, akukuwa kuti mmangeni chingwe m'chiuno, mmangeni chingwe! Mwamwayi anamvera. Bamboyo asanafike ndi pansi pomwe miyendo inalobodoka, anamukoka atalendewera, kufika kunja anasanza nkugona osadziwa kuti ali kuti. Anyamata ena awiri ankalimbirana kuti atsike, madala anaima pakamwa pa chitsime ndodo ili m'mwamba, ati amene atsikemo lero tiika anthu awiri. Anawatuma kudula nthambi yaikulu ya mango ya masamba ambiri, kuimanga kuchingwe, nkumaitsitsa ndi kuikoka mwachangu kuti ipatse dzenje mphepo. Wina anathamangira koloboyi, palafini anapezeka tsopano. Anamutsitsa, asanafike pansi anazima. Nthambi ija kachiwiri, koloboyi kachiwiri, anazimanso. Nthawi yonseyi amayi aakulu atagwiridwa ndi amayi anayi akuphiriphitha kuti mulekeni ndikamutenge ndekha mwana wanga, ndipo anthu ena anayamba kutukwana madala aja kuti akutichedwetsa dala. Moto utakhala osazima mpaka pansi ndi pomwe analola munthu kutsika, chingwe chili m'chiuno.

Anawatulutsa thupi lili bwinobwino. Bala ayi, magazi ayi, fupa lothyoka ayi, phulusa lokha kumsana ndi kumapazi. Chikhala kuti khoma linawagumukira bwenzi nkhani itathera pamanda pompo, koma thupi lopanda bala ndi lomwe linabala milandu. Zopita nawo kuchipatala ku Ulongué panalibe amene anazitchula, galimoto yake iti, komanso aliyense ankaona kuti zatha. A sekeretariyo a Frelimo a m'mudzimo anangolemba dzina ndi tsiku m'kope la sukulu.

Maliro aja anationetsa kuti mudzi tinalibe, tinali anthu ongokhala malo amodzi. Chilichonse chinkayamba ndi funso. Alengeze ndani, a nyakwawa amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Ntcheu kapena a sekeretariyo a Frelimo? Nthawi imeneyo boma linali lisanawabwezere mafumu ulemu wawo, zimenezo zinadzachitika mu 2000, nde awiriwa ankangopondana zala, mapeto ake onse anayankhula, aliyense motalika. Adzukulu ndi ati, poti mabanja omwe ankatiikira maliro kale ena anali adakali ku Malawi ena anamwalira? Siwa ikhale iti, poti chisakasa cha amayi aakulu munkalowa anthu asanu basi? Anagwetsa khoma limodzi la udzu nkulumikiza mapulasiti a mabanja atatu, amayi anagona mmenemo mozungulira mtembo, amuna panja pamoto. Pamsewu anaika masamba monga mwa mwambo ngakhale kuti podutsa pake panali njinga imodziimodzi. Mnyamata wina anapalasa njinga yobwereka kukanena uthenga ku Dedza, ndipo usiku womwewo anthu a m'mudzi womwe tinkakhala uja anayamba kufika wapansi, amayi atasenza ufa ndi nkhuni, zomwe sindidzaiwala, anthu oti tinawadyera minda ndi kuwathera nkhuni zaka zonse zija.

Bokosi ndiye linavuta. Matabwa kunalibe m'mudzi monse. Akuluakulu ena ankati timuike m'chitanda cha bango ndi mphasa monga ankachitira makolo, amayi aakulu anakana, ati mwana wanga wagona pamphasa moyo wake wonse. Atsibweni anazula chitseko chawo, chokhacho cha matabwa m'mbumba yathu, chomwe anachisenza pamutu kuchokera ku Dedza, wina anapereka benchi, misomali anazula m'zipilala za nyumba zakugwa nkumaiwongola ndi mwala. Usiku wonse kunkamveka nyundo kuseri kwa siwa, uku amayi a Chikatolika akuimba, uku amuna pamoto akukangana za referendamu ya ku Malawi ya mu Juni chaka chomwecho, a nyali ndi a tambala wakuda, nkumafunsana ngati zisankho zomwe ankati zidzachitika kwathu kuno sizidzabweretsanso mfuti. Pamaliro anthu amakamba zilizonse, ndinadabwa nazo ndili mwana koma pano ndimachitanso chimodzimodzi. Mbale ya chipepeso inali yosakaniza, makwacha a nkhope ya Kamuzu, ma metikali akale aja a maziro ambiri, mazira, fodya wopota, wina anaponyamo sopo wa lesheni.

Kumanda kunali kusanapondedwe zaka. Njira inali itatsekeka ndipo mantha a aliyense anali mabomba okwirira, poti nthawi imeneyo zinkamveka pafupipafupi kuti uje waponda bomba popita kumunda, paja dziko lathu analengeza kuti mabombawa atha mu 2015, zaka 23 nkhondo itatha. Amene ankadziwa poponda anali otsala aja, chifukwa iwo ankaika anthu awo komweko nkhondo ili mkati. Nde amene anatsogolera adzukulu mbandakucha kukaonetsa njira ndi malo okumba anali madala omwe aja. Ndipo masana ponyamula maliro tinayenda mzere umodzi, aliyense kuponda pomwe waponda mnzake, onyamula bokosi akuvutika kusinthana chifukwa panalibe kopatukira. Maliro a mnyamata amakhala aphokoso, anzake amathamanga nalo bokosi, koma awa anayenda pang'onopang'ono maso ali pansi.

Wansembe sanabwere, ku Lifidzi kunali kutali ndipo uthenga sukanafika msanga, anapempherera ndi a katekisita. Anzawo a kudambwe, poti achimwene analowa gule ku Dedza mayi awo osadziwa, anaima chapatali osayandikira mapemphero, zawo anadzachita usiku wina pambuyo pake ndipo amayi aakulu anangokhala ngati sakumva ng'oma. Adzukulu anakumba kachipinda ka m'mbali, analowetsa bokosi la chitseko lija, mbali ina likuonekabe pomwe panali loko. Atsibweni poyankhula m'malo mwa mbumba anathokoza onse, a ku Dedza, a mpingo, adzukulu, kenako anamaliza ndi mawu akuti “mwanayu sanadwale, ndipo ife sitinagone.” Akuluakulu onse anamva chomwe akutanthauza.

Tisanamete nkomwe manong'onong'o anali atayamba. Anadziwa bwanji kuti mmenemo muli imfa? Bwanji ananena dzulo lake lenilenilo? Bwanji anatsekereza anthu kuti asakamutenge msanga? Ndipo chitsimecho chinali m'malire mwa dimba la ndani? Atsibweni anawoloka kukaombeza ula kwa sing'anga wina mbali ya Malawi, sing'angayo dzina sanatchule, anangoti munthu wake ndi wamkulu, sakhala kutali ndi madzi, ndipo anadzionetsa yekha. Mawu oti akhoza kukwana nkhalamba iliyonse ya m'mudzi uliwonse, koma kwa anthu amene yankho anali nalo kale anakwanira.

A nyakwawa, ndiwayamikire pamenepa, anakana kuweruza, ati bweretsani umboni wogwirika. Madala aja atafunsidwa pabwalo anafotokoza za mpweya woipa wa mumgodi, kuti suoneka, sununkha, umakhala pansi, kuti anaonapo amuna amphamvu akugwa chimodzimodzi. Wina anafunsa kuti nanga poti suoneka inu mumauona bwanji, anthu nkuseka. Sanamenyedwe, nyumba yawo sinaotchedwe, zinangochitika zinazi zomwe midzi yathu imadziwa kuchita. Ana tinaletsedwa kukapala moto kwawo. Pamowa chipanda chinkawadumpha. Akadwala akazi awo opita kukazonda kunalibe, kupatula munthu mmodzi, amayi aakulu eni ake a maliro, amene ankapita madzulo ndi kambale ka ufa. Atsibweni atawakalipira anayankha kuti “achimwene, munthu uja ananena ine ndikumva, ndipo inunso munamva.” Sanawonjezerepo china, ndipo awiriwo anatha nthawi yaitali osadyera limodzi.

Ine zinadzandimvekera bwino nditafika kusekondale ku Ulongué. Moto umadya oxygen, mpweya womwe timapuma uja, nkusiya carbon dioxide, amene ndi wolemera kuposa mpweya wamba nde m'dzenje satuluka, amangodikha pansi. Moto wonyeka movutikira, wovindikiridwa ngati uja, umatulutsanso carbon monoxide, amene alibe fungo ndipo akalowa m'magazi amalanda malo a oxygen. Munthu sumva kuti ukubanika, umangomva chizungulire ndi kufooka, pomwe ukuti ndikwere miyendo yakana kale, ndipo ubongo ukasowa oxygen mphindi zochepa chabe basi zatha. Choncho pomwe bambo uja ankatsika, achimwene mwina anali atapita kale kapena atatsala pang'ono, ndipo aliyense wotsika wopanda chingwe akanatsalira momwemo. Koloboyi naye ali ndi malire ake, amakuuza kuti oxygen wachepa koma za carbon monoxide sakuuza, akhoza kumayaka bwinobwino iwe nkufa, nchifukwa chake madala aja anayamba ndi kunena kuti dzenje lipume masiku awiri. Ndi carbon monoxide yemweyu amene amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu Juni kukazizira ku Tsangano ndi kwathu kuno. Ndipo pano ndikaona anyamata akutsitsira pampu ya petulo m'chitsime kuti achotse madzi azikumba bwino, kaya m'madimba a mbatatesi kaya m'maenje a golide ku Chifunde ndi ku Macanga, thupi limachita tsemwe. Injini izikhala kunja, paipi yokha ndiyo izitsika, ndipo wotsika azimangidwa chingwe anthu awiri atachigwira pamwamba. Ndikawauza ena amamva, ena amati akulu inu tazolowera.

Tsiku lina nditabwera ku holide ndinawafotokozera atsibweni zonsezi, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Anamvetsera ndithu mpaka kumapeto, nkuti sukulu ndi yabwino mphwanga, koma iwe unali mwana, zambiri sunazione. Anamwalira akukhulupirira zomwezo.

Madala aja anasamuka zisankho za 1994 zitangodutsa, akazi awo atamwalira, anapita kwa mwana wawo wamkazi cha ku Zóbuè ndipo uthenga wa imfa yawo unatipeza patapita miyezi atayikidwa kale. Chitsime chija anachikwirira sabata yomweyo ya maliro, madzi ake sitinawaone, mjigo unadzabwera patapita zaka kumtunda pafupi ndi sukulu. Dimba lija linabwerera kumbumba kwathu popanda mlandu uliwonse, pano akulima ndi ana a achemwali anga, chaka chatha anakololamo mbatatesi yambiri mpaka anachita kubwereka ngolo.